Mmene mungafufuzire koleji ya Methodist ngati Wofford muli kuno ku Chigwa cha Shire

Achimwene ndi achemwali a ku Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje, amene mwakhoza bwino MSCE, tamverani kaye. Ku America kuli makoleji ang'onoang'ono a mpingo wa Methodist, ine imene ndimaikonda ndi Wofford College, ku Spartanburg, South Carolina. Inayamba mu 1854 ndi ndalama zokwana madola 100,000 zimene m'busa Benjamin Wofford anasiya pomwalira.

Choyamba dziwani kuti Wofford ndi koleji ya liberal arts, ndipo liberal arts sizojambulajambula ayi, simulowa n'kuyamba kosi imodzi basi, mumayamba mwalawa zambiri, masamu, mbiri, sayansi, zilankhulo, kenako m'pamene mumasankha chimene mukufuna kuzamapo. Mu Januwale ali ndi ka teremu kakafupi kotchedwa Interim, mwezi wonse pa chinthu chimodzi. Makalasi amakhala a anthu ochepa, aphunzitsi amakudziwa dzina, kwa mwana wochokera kumudzi izi zimathandiza kwambiri.

Gulani bandulo, khalani pansi pa mtengo kukadali kozizira m'mawa foni isanatenthe, lowani pawebusaiti yawo muwerenge mbali ya ophunzira akunja, makamaka za skolashipu chifukwa fizi yake njokwera zedi. Pemphani ahedi kalata yokuchitirani umboni msanga, konzekeraninso mayeso a Chingelezi ngati TOEFL. Ofesi ya EducationUSA ku Lilongwe imapereka uphungu kwa ofuna kukaphunzira ku America, osalipira dobadoba.

America ikatalika, onaninso Africa University ku Mutare, Zimbabwe, nayonso ndi ya Methodist, inatsegulidwa mu 1992.