Quarter yakale ya ku America musangoiponya m'makina a soda, iyang'aneni kaye

Abale amene muli ku America, kapena inu amene muli ndi kachitini ka ndalama zachitsulo zimene achibale anabwera nazo kuchoka kumeneko, si quarter iliyonse yomwe ndi 25 cents basi. Zina ndi siliva weniweni ndipo zochepa mwa izo anthu osunga ndalama zakale amazigula ndalama zambiri ndithu.

Choyamba onani chaka. Ma quarter a mutu wa Washington kuyambira 1932 mpaka 1964 ali ndi siliva 90%, 10% yotsalayo ndi kopa. Mu 1965 boma linachotsamo siliva chifukwa mtengo wake unali ukukwera ndipo anthu anayamba kuzisunga m'nyumba osazigwiritsa ntchito, ndiye kuchoka pamenepo ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi kopa wokutidwa ndi chisakanizo cha kopa ndi nickel basi. Chaka chikakhala chosaoneka bwino itembenuzeni muone m'mbali mwake mmene muli timizere tija. Ya siliva imakhala yoyera mbali yonse, yatsopano imaonetsa kamzere kofiirira ka kopa pakati. Mukakhala ndi kasikelo kaja ka magalamu, ya siliva imalemera 6.25 g pomwe inayo 5.67 g. Maginito musavutike nawo, zonse ziwiri sizigwira.

Tsopano mtengo. Ambiri mwa ma quarter a siliva, makamaka a m'ma 1950 ndi 1964 omwe anapangidwa ochuluka zedi, mtengo wake ndi wa siliva yemwe alimoyo, palibenso china. Imodzi ili ndi pafupifupi 0.18 troy ounce (muyeso umene amayezera kulemera kwa siliva ndi golide) ya siliva, ndiye muone mtengo wa siliva wa tsikulo pa intaneti n'kuchulukitsa ndi 0.18. Tinene kuti ounce ili pa $30, quarter yanu ndi $5 ndi kenakake pamwamba. Wa shopu akupatsani zocheperapo pang'ono poti naye afuna phindu, musaone ngati akukuberani.

Pomwe pali ndalama yeniyeni ndi pa kachilembo kakang'ono kosonyeza komwe inapangidwira. Pa za 1932 mpaka 1964 kali kumbuyo, pansi pa chiombankhanga, m'munsi mwa timasamba tija. D ndi Denver, S ndi San Francisco, popanda chilembo ndi Philadelphia. Mukaona 1932 yokhala ndi D kapena S, imani kaye. Ya 1932-D anapanga 436,800 zokha, ya 1932-S 408,000, pomwe zaka zina amapanga mamiliyoni ankhaninkhani, ndiye ngakhale itakhala yokuthakutha imaposa mtengo wa siliva kutalitali. Koma samalani, pali akathyali amene amatenga 1932 ya Philadelphia n'kumatapo ka D, mukayang'ana ndi galasi lokulitsa nthawi zina mumaona kachilemboko kakhala mopendama kapena pozungulira pake pali mtundu wina.

Zakale kuposa pamenepo ziliponso. Standing Liberty, ya mzimayi woimirira atagwira chishango, inayenda 1916 mpaka 1930, ndipo ya 1916 anapanga 52,000 zokha. Vuto lake chaka chimafufutika msanga pa zopangidwa isanafike 1925, ikakhala yopanda chaka nthawi zambiri mumangowerengera siliva. Za Barber (dzina la munthu amene anazijambula), 1892 mpaka 1916, zosowa ndi 1896-S, 1901-S ndi 1913-S.

Apa ndiye ndikupempheni ndi mtima wonse, musaitsuke. Osapaka mankhwala otsukira mano, osakwecha ndi phulusa kapena steel wool ngati poto, ngakhale kupukuta mwamphamvu ndi nsalu ayi. Kuda kuja ogula amakufuna, ndipo kukwecha kumasiya timikwingwirima timene katswiri amaona pompopompo, mtengo n'kugwa. Igwireni m'mbali, osati pankhope, muiike payokha mukapepala kapena mukathumba kosungira ndalama zotere kuti isakhulane ndi zinzake.

Ikaoneka kuti ndi imodzi mwa zosowa zija musathamangire kugulitsa kwa munthu woyamba kapena ku pawn shop, shopu ya pinyolo ija. Pali makampani awiri odziwika, PCGS ndi NGC, amene amaiyeza ngati ndi yeniyeni n'kuipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 70, kenako amaitsekera mupulasitiki yolimba. Amalipiritsa, ndiye ya 1964 wamba musatumize, ndalama yoyezetsa iposa mtengo wake. Zawamba zisonkhanitseni mugulitse pamodzi, ndipo funsani mitengo mashopu awiri atatu, komanso pa eBay, msika wa pa intaneti, muziona zimene zinagulidwa kale osati mitengo imene anthu angolemba.