Zikho zakale zasiliva za pasukulu, muzitsuka chonchi

Aphunzitsi anzanga, chikho chija chadera mu kabati ya ahedi musachikweche ndi mchenga kapena sitiliwulu ngati poto chonde, maina a ana omwe anawina mpira ndi mipikisano yothamanga amafufutika ndipo sabwereranso.

Choyamba chitembenuzeni muone tizidindo. Kamkango koyenda ndiye kuti ndi siliva weniweni wa 925 (magawo 925 pa 1,000 ndi siliva) wa ku England, nangula ndiye kuti anamuyezera ku Birmingham, mutu wa kambuku ku London. Mukaona EPNS dziwani kuti siliva anangomata pamwamba, mukapukuta mwamphamvu chitsulo chamkati chiyamba kuonekera.

Kuda kuja si dothi ayi, ndi salufa wa mumpweya amene amagwirana ndi siliva. Tsukani ndi madzi ofunda ndi kasopo pang'ono, kansalu kofewa, muumitse pompo. Polishi ngati Silvo pang'ono chabe, kamodzi pachaka basi, paja kupukuta kulikonse kumadya silivayo. Thabwa lapansi lija lisanyowe.

Pogwira valani magulovu a thonje chifukwa thukuta limasiya zidindo za zala. Labala, nyuzipepala ndi ubweya zisayandikire, ndiye zimadetsa msanga. Musanayambe zonsezi jambulani kaye mainawo pafoni muwalembenso m'buku la sukulu.