Momwe mungachepetsere nyama pakhomo popanda kuwondetsa ana

Kuno ku chigwa cha Shire ukanena kuti kwanu mwasiya nyama anthu amakuyang'ana ngati wadwala. Ng'ombe ndi mbuzi zili mbwee ku Ngabu ndi ku Bangula, makakana ndi milamba zikutuluka m'dambo la Elephant Marsh, ndiye iwe ukuti chiyani? Komabe pakhomo pathu timadya kwambiri za kumunda, ndipo amayi anzanga ku sikelo amafunsa kuti ndimatani. Kusiya nyama n'kosavuta, makamaka ndi mitengo ya masiku anoyi. Ntchito ili popeza cholowa m'malo mwake pa mbale ya mwana.

Choyamba, gulani musanasiye. Mukufunika khobwe, nandolo, mtedza ndi chitowe, ndipo mugule nthawi yokolola mavenda asanasese zonse, chifukwa pofika Januwale mtengo umakhala uli kumwamba. Chitowe timalima tokha kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma ambiri timagulitsa chonse osasiyako ngakhale mbale imodzi ya ana. Popita ku msika wa Nchalo kapena Dyeratu tengani chigoba chanu, za ogulitsa ena n'zophwanyira pansi. Khobwe anankafumbwe amamukonda zedi, choncho muumitseni bwino n'kumusunga m'thumba la PICS (matumba aja osalowa mpweya) kapena m'chigubu chotseka kwambiri.

Chachiwiri ndi ufa wa phala, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Muyeso wake ndi magawo anayi a chimanga chosakonola, mapira kapena mchewere, pa gawo limodzi la soya. Soya kuno salimidwa kwenikweni, amachokera kumtunda, ndiye akadula ikani khobwe wokazinga. Soyayo musamuviike m'madzi ozizira, amanunkha. Muthireni m'madzi owira kale, awire mphindi ngati 30, muchotse makoko, muumitse gwa, kenako kuchigayo.

Mtedza ndi chitowe musagayitse pamodzi ndi ufawo, ngakhale wapachigayo akuuzeni kuti aliyense amatero. Kwathu zinativuta mu Okutobala, nyengo ija kutentha kumapitirira madigiri 40. Ufa wosakaniza ndi mtedza unali m'ndowa yotseka, m'nyumba yamalata. Mafuta a mtedza aja anasasa, ufa n'kuyamba kafungo ka mafuta akale okazingira zitumbuwa. Akulufe tinkangomeza, koma wamng'ono ankati akalawa n'kulavula, kenako kumangotseka pakamwa akaona supuni. Ku sikelo mzere wa pakhadi lake unaleka kukwera, ndipo apongozi sanachedwe kunena kuti, "Mwaonatu, mwana wopanda nyama." Vuto silinali nyama. Titasanthula mtedza wotsala m'thumba tinapeza wambiri wofota, wina wakuda mkati. Amene anatigulitsa anali atauwaza madzi kuti usavute kuswa komanso ulemere pa sikelo.

Mtedza wonyowa umachita chuku, ndipo poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ngakhale mukazinge kapena kuphika. Amawononga chiwindi komanso amapinimbiritsa ana. Ndiye gulani wosaswa, muziswa nokha. Thirani pa lichero, musankhe umodziumodzi, wofota, wosweka ndi wosintha mtundu mutaye, osapatsanso nkhuku. Nsinjiro sinjani zokwanira masiku awiri kapena atatu basi, muzithira mumphika phala likamapsa. Chitowe chimodzimodzi: kazingani pang'ono, sinjani, supuni imodzi m'phala la mwana.

Phalalo lisakhale lamadzimadzi. Mukapendeketsa supuni lizikakamira kaye lisanagwe. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, mukaidzaza ndi madzi amakhuta asanadye kanthu. Likalimba kwambiri thirani kaufa ka chimera cha mapira, lifewa lokha, kenako muliwiritsenso pang'ono. Wosakwana miyezi 6 zonsezi sizikumukhudza, iye ndi bere lokha.

Chachitatu, ndiwo. Apa sindichulutsa, nonse mumadziwa kutendera. Chitambe, bonongwe, nkhwani, kholowa, ndiponso sangowa (chammwamba) amene wangoti bii m'mipanda yathu chaka chonse. Tsiku lililonse pakhale ndiwo ya m'gulu la nyemba ndi ya masamba, osati imodzi yokha. Mfutso yanikani pamthunzi, dzuwa lakunoli limawaula masamba. Soda chepetsani, amapha mavitamini. Tiyi musamwere pa chakudya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi masamba. M'malo mwake viikani malambe, kapena apatseni ana masau, zipatso zimenezi zimathandiza ayironiyo kulowa m'thupi. Amene muli ndi dimba m'mbali mwa Shire, madzi akaphwa bzalani mbatata yofiira mkati, ili ndi vitamini A.

Pali chinthu chimodzi chimene kumunda simungachipeze: vitamini B12. Sangowa alibe, soya alibe, malambe alibe. B12 akasowa m'thupi, magazi amachepa ndipo ubongo wa mwana sukula bwino. Zakudya zochokera ku nyama sizinalowe mwangozi pa magulu 6 aja amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa. N'chifukwa chake ana anga amadyabe dzira, mkaka wowiritsa ndi tinsomba kangapo pa sabata. Mukafuna kusiyiratu zonse, makamaka ngati muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa, kambiranani kaye ndi achipatala za mapiritsi a B12. Anyamata oyenda ndi timabotolo ta ufa wobiriwira m'maminibasi aja, amene amati umachiza shuga, BP ndi kusabereka nthawi imodzi, asiyeni adutse. Ndi sangowa yemweyo wa kuseri kwa bafa lanu.

Zotsalazi n'zachidule. Zakumwa za m'mabotolo ndi tokhwasulakhwasula ta m'mapaketi tisiyeni, ana azipita kusukulu ndi mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga. Mchere gulani wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, woyeza pa mulu uja nthawi zina ulibe. Madzi akumwa wiritsani kapena thirani kolorini, makamaka madzi akasefukira. Katemera, neti ndi sikelo musasiye poti mwayamba moyo wachilengedwe, udzudzu wa ku Nsanje sufunsa kuti mwana amadya chiyani. Mzere wa pakhadi ukaima miyezi iwiri yotsatizana, onanani ndi mlangizi wa zaumoyo sabata yomweyo.