Momwe mungaphunzirire kata ya Heian Shodan osaisandutsa gule

Ukaona munthu wa karate akumenya mphepo yekhayekha, n'kutembenuka, n'kukuwa, ndiye kuti akuchita kata. Ya Heian Shodan, yomwe ophunzira a Shotokan, mtundu wina wa karate, amakumana nayo m'mayambiriro, inachokera kwa Anko Itosu, mphunzitsi wa karate wa ku chilumba cha Okinawa ku Japan. Wophunzira wake Gichin Funakoshi, amene anaonetsa karate ku Tokyo mu 1922, ndiye anaipatsa dzina la Heian.

Yambani ndi miyendo, manja muwasiye m'chiuno. Ikani chizindikiro pansi pomwe mwaima. Njira ya kata imeneyi ili ngati chilembo cha I, ndipo mukamaliza mayendedwe onse 21 muyenera kubwerera pamalo omwewo. Mukaphonya, masitepe anu ena ndi aatali, ena aafupi.

Miyendo ikazolowera, onjezani manja. Choyamba n'kutembenukira kumanzere n'kutchinga pansi, komwe amati gedan barai, kenako n'kuponda kutsogolo ndi chibakera. Mutu uziyamba kutembenuka thupi lisanasunthe. Simungatchinge chinthu chomwe simunachione.

Chitani mwapang'onopang'ono. Ambiri amathamanga kuti aoneke akatswiri, pomwe chiuno chikukwera ndi kutsika ngati njinga ya pamsewu wa mabampu. Chikhale pa mulingo umodzi. Pumirani kunja pomwe chibakera chikufika, ndipo mukuwe kawiri kokha, pa mayendedwe a nambala 9 ndi 17. Kumapeto kuli kutchinga kanayi ndi dzanja lotambasula, kulemera kwa thupi kuli pa mwendo wakumbuyo. Apa mawondo amanjenjemera, musadabwe.

Tsopano pezani mnzanu. Gawo ili, lotchedwa bunkai, ndilo limapatsa kata tanthauzo, koma n'lomwenso ambiri amalidumpha. Tengani mayendedwe awiri kapena atatu okha. Mnzanuyo akugwireni padzanja lamanja, inu mulizule mozunguliza n'kutsitsa chibakera ngati nyundo, monga zilili pa nambala 4. Muona nokha kuti kutalika kwa masitepe komwe munazolowera muli nokha sikugwira ntchito munthu akakhala pamphuno. Sinthanani, kenako bwererani ku kata yonse mukumuona mnzanu uja m'maganizo.

Vidiyo ya pa YouTube ikhoza kukukumbutsani ndondomeko, koma singakuuzeni kuti chidendene chanu chatukuka. Aphunzitsi akuoneni, kapena mudzijambule pafoni kuchokera m'mbali n'kuyang'ana bondo lakutsogolo ngati lapindika mpaka pamwamba pa zala za phazi.