Kaphikidwe ka mapankeke ofufuma bwino: malangizo kwa mabanja a ku Thyolo

Loweruka m'mawa, pamene ana sakuthamangira kusukulu, banja limapeza mpata wodya kadzutsa wosiyana ndi wa masiku onse, ndipo mapankeke ndi chakudya chimene mungachikonze pambaula pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamsika wa Bvumbwe kapena wa Luchenza. Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'magulu a amayi ndi lakuti mapankeke amatuluka opyapyala komanso olimba ngati chikopa. Ambiri amaloza chala fulawa, koma vuto nthawi zambiri limakhala m'dzanja la wophika ndi pamoto.

Pa banja la anthu 5 kapena 6, sefani makapu 2 a fulawa, kapu yake ya mamililita 250, ndipo muthiremo masupuni aakulu 2 a shuga, masupuni aang'ono 2 a baking powder, theka la supuni yaing'ono ya soda ndi mchere wochuluka chimodzimodzi. M'mbale ina menyani mazira 2 pamodzi ndi makapu 2 a chambiko ndi masupuni aakulu 3 a mafuta ophikira kapena majarini wosungunula.

Chambiko ndi chofunika kwambiri pano, ndipo ife a ku Thyolo, kumene alimi ambiri amaweta ng'ombe zamkaka, sitiyenera kuchisowa. Kuwawasa kwake kukakumana ndi soda kumatulutsa mpweya umene umatsekeredwa m'phala la mapankeke n'kulifufumitsa. Ngati muli ndi mkaka wamba, finyirani supuni yaikulu imodzi ya madzi a mandimu pa kapu iliyonse, mudikire mphindi 10. Baking powder naye amafa akakoka chinyezi, chimene kuno sichisowa, makamaka nyengo ya chiperoni. Muyeseni pothira pang'ono m'madzi otentha, ndipo akapanda kuchita thovu, dziwani kuti ntchito yake inatha.

Tsopano tafika pamene ambiri amaphonya. Dzanja limene linazolowera kuvundula nsima limadana ndi mibulu, choncho likangogwira mthiko limafuna kutakasa mpaka phala lisalale. Nsima imafunadi zimenezo, koma tirigu ndi wosiyana ndi chimanga. Fulawa ali ndi zinthu zomata zotchedwa gluten, zimene zimalukana ndi kutanuka mukamatakasa kwambiri, ndipo n'zimene zimalimbitsa pankeke. Thirani zamadzi zija mu fulawa, mutembenuze pang'onopang'ono kufikira ufa wouma utasiya kuoneka, kenako mulekere pomwepo ngakhale timibulu tikuoneka, pakuti timasungunuka tokha pophika. Phalalo likhale lolimbirako, loti lizigwa pachipande mwaulesi, ndipo mulisiye lipume mphindi 10 pamene mukukonza moto. Musalikonze madzulo kuti mudzaphike m'mawa, chifukwa mpweya wa soda udzakhala utathawa.

Moto ukhale wapakatikati. Dikirani makala ayake onse, ndipo ngati akunyanya, awazeni phulusa pang'ono. Pakani chiwaya mafuta ochepa ndi kansalu koyera, osati kuthira ambiri ngati mukukazinga mandasi kapena zitumbuwa. Dontho la madzi likamavina pachiwaya lisanaume, ndiye kuti chatentha mokwanira. Thirani kota ya kapu ya phala, mulisiye lidziyale lokha. Pakatha mphindi 2 kapena 3 mudzaona timabowo pamwamba, m'mphepete mukuuma, ndipo iyi ndiyo nthawi yotembenuza, kamodzi kokha. Musapsinje pankeke ndi supuni poganiza kuti ipsa msanga, chifukwa mukutulutsa mpweya umene munauvutikira. Ikada kunja m'kati muli mwauwisi, chepetsani moto. Yoyamba siikongola kawirikawiri, ndipo imeneyo ndi ya wophika.

Pa magulu 6 a zakudya amene amalimbikitsidwa m'dziko muno, mapankeke ali kale ndi chokhutitsa, zanyama ndi zamafuta. M'malo mowaza shuga wina pamwamba, dulirani nthochi zakupsa kapena chinanazi cha ku Mulanje, ndipo chiponde chopaka pang'ono chidzawonjezera gulu la zanyemba. Uchi ndi wabwino, koma musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi. Mapankeke opsa aikeni m'mbale yovundikira ndi nsalu yoyera pafupi ndi mbaula, kuti adyedwe akadali ofunda tiyi akangopsa.