Musanagule magnolia, ganiziraninso za blue oat grass

Anzanga okhala ku Britain amene mwapeza nyumba yokhala ndi kadimba kuseli, musathamangire kugula mtengo wa maluwa wa magnolia chifukwa choti mwauona uli mbuu ndi maluwa kwa aneba mu Epulo. Yambani mwayang'ana dothi ndi kukula kwa malo anu.

Magnolia amafuna munthu wodekha. Mtundu wa soulangeana umatambasula nthambi mpaka mamita 6, ndiye m'kadimba kakang'ono umaphimba zonse. Wa stellata ndiye wabwinoko, umathera pa mamita 3 kapena kucheperapo. Mizu ya magnolia ndi yofewa ndipo imayenda pamwamba penipeni, choncho khasu lisayandikire. Ine ndinaupalira wanga ngati ndikupalira chimanga, chaka chotsatira unangoti zii, osaphuka bwino. Mitundu yambiri sigwirizana ndi dothi la choko lomwe lili m'madera ena kum'mwera kwa England. Chopweteka kwambiri n'chakuti chisanu cha usiku umodzi chimatha kuwaula maluwa onse, m'mawa n'kuwapeza ofiirira ngati fodya wouma. Kudulira, dikirani cha mu Julaye.

Blue oat grass alibe mavuto ambiri. Ndi udzu wobiriwira motuwira, umamera chitsamba chozungulira cha masentimita pafupifupi 60, ndipo suuma nyengo yozizira. Umangofuna dzuwa ndi dothi losasunga madzi, pakakhala chinyontho chambiri umaola patsinde. Musaumwete, ingovalani magolovesi n'kupesa masamba ouma ndi zala.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi, dzalani udzuwu mumphika, posamuka mudzanyamula.