Kukonzekera Pathupi kwa Mayi Wodwala Lupus

Pali matenda amene chitetezo cha m'thupi, m'malo molimbana ndi tizilombo, chimatembenukira mwini wake n'kuyamba kuwononga khungu, molumikizana mafupa ndiponso impso. Lupus ndi amodzi mwa matendawa, ndipo pa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 amakhala akazi, ambiri a msinkhu wobereka. Mayi wodwala lupus angathe kubereka mwana wathanzi, koma pathupi pake pamafunika kukonzekera.

Madokotala amalangiza kuti matendawa akhale atagona kwa miyezi 6 mayi asanaime, chifukwa akaima impso zikuvutika, chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi, kupita padera ndi kubereka masiku asanakwane chimakula kwambiri. Miyezi imeneyi imatalika ngati achibale ayamba kufunsa za mphatso m'banjamo, n'chifukwa chake ndi bwino kuti bambo apite nawo kuchipatala, akadzimvere okha chifukwa chodikirira. Podikirapo muzilera. Lupu (njira yolerera yoika m'chiberekero) kapena njira ya pamkono ndi zabwino kusiyana ndi mapiritsi olerera okhala ndi mahomoni a estrogen, amene angathe kuundanitsa magazi mwa odwala ena.

Nkhani yaikulu ili pa mankhwala. Methotrexate, mycophenolate ndi cyclophosphamide amavulaza mwana m'mimba, motero dokotala amayenera kuwasintha pathupi pasanabwere, mwachitsanzo n'kupereka azathioprine, kenako n'kuonetsetsa kuti matenda sakudzuka. Koma hydroxychloroquine, amene ndi wachibale wa chloroquine uja Malawi inasiya kuchizira malungo mu 1993, amapitirizidwa mpaka mwana kubadwa ngakhale poyamwitsa. Amayi ambiri akangozindikira kuti aima amasiya mankhwala onse okha poopa kuvulaza mwana, ndipo kulakwitsa kumeneku ndi kumene kumadzutsa matenda amene anali atagona.

Musanaime, pemphani kuyezedwa magazi ndi mkodzo kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati munapitapo padera kangapo, nenani msanga, chifukwa odwala ena magazi awo amaundana mosavuta, ndipo amathandizidwa ndi aspirin wochepa mphamvu pamodzi ndi jakisoni wa heparin. Sikelo yambani mwezi ukangokudumphani, mutatenga buku lanu lakuchipatala lolembedwa mankhwala onse amene mukumwa, ndipo mukaona kutupa kwa nkhope, mutu wosatha kapena mkodzo wa thovu, musadikire tsiku la sikelo.